Theka la Talente: Mbiri ya William Koyi

Pa caka cino ca Yubile, pamene tasonkhana kudzayamika Mulungu cifukwa ca zaka zonse zimene Mau ace akhala alikumveka pa Mishoni yathu ino, akuru a Mpingo anatipempha ife aphunzitsi a m'midzi kuti nafenso tiikeko mau athu m'kabuku aka. Za nyumba zimene zinamangidwa, za abusa amene anatiweta, ndi za ciwerengero ca obatizidwa, alemba ena odziwa kuposa ife. Ife tasankha kukumbutsa abale ndi alongo za munthu mmodzi wosakhala wa mtundu wathu, amene manda ace ali kutali kumpoto, m'dziko la Angoni a kwa M'mbelwa. Dzina lace William Koyi. Tatero cifukwa pali mau amene timawamva kawiri kawiri m'midzi mwathu, pa nthawi yosankha akuru a Mpingo, kapena pofuna munthu wophunzitsa Sande Sukulu ndi kalasi, kapena wopita kukagwira nyumba ya mapemphero ya kutali. Wosankhidwayo aweramitsa mutu, nati, Ine iai, sindinaphunzire, funani wina. Mau amenewa ngakale ndithu, ndipo Koyi nayenso anali nao mumtima mwace. Koma cimene anacita nao ndico tifuna kulongosola.

Koyi anabadwa m'caka ca 1846 m'dziko la Axhosa, kum'mawa kwa Cape Colony, pafupi ndi mtsinje wochedwa Thomas River. Ali mnyamata wa zaka 10, tsoka lalikuru linagwera anthu a mtundu wace. Mtsikana wina dzina lace Nongqawuse ananena kuti mizimu ya makolo yalamula anthu aphe ng'ombe zao zonse ndi kuleka kulima, ndipo akatero akufa adzauka, nadzadza ndi ng'ombe zatsopano. Ambiri anamvera m'zaka za 1856 ndi 1857. Akufa sanauke, njala ndiyo inalowa m'dziko, nipha anthu zikwi zambiri, ndipo otsala anabalalika kunka nafuna nchito kwa Azungu. Koyi anali mmodzi wa obalalikawo. Anayamba kugwira nchito kwa Mabunu, nakhala woyendetsa ngolo za ng'ombe. Pambuyo pace anagwira nchito yotsuka ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, ndipo atacoka kumeneko analowa m'sitolo ku Port Elizabeth, mudzi wa pa doko umene lero uchedwa Gqeberha. Zaka zimene ana ena akhala pa benci ndi sileti, iye anazitha ali ndi mkwapulo m'manja, pa fumbi la miseu.

Kuwerenga anadziphunzitsa yekha pang'ono pang'ono m'cinenero ca kwao. M'caka ca 1869 anatola kapepala kotayika panjira, ndipo pa kapepalapo panali mau a m'mutu 3 wa Uthenga wa Yohane, pamene Ambuye alankhula ndi Nikodemo za kubadwa mwatsopano. Mauwo sanampatse mpumulo kufikira anatembenuka mtima, nalowa mu Mpingo wa Wesleyan. Tsono njala ya kuphunzira inamgwira, ndipo m'caka ca 1871 ananyamuka wapansi, ulendo wa mamailosi ngati 150, kunka ku Lovedale, sukulu yaikuru ya Mishoni ya ku Scotland, imene mkuru wace anali Dotolo James Stewart. Anafika kumeneko ali munthu wa zaka 25. Ife amene taphunzitsapo akuru msinkhu pa sukulu za madzulo tidziwa kulemera kwace kwa cinthu ici: dzanja lozolowera khasu ligwira pensulo ngati mpini, ndipo kamwana kokhala pambali katsiriza samu wamkuruyo asanalembe nambala yoyamba. Koyi sanachuke m'kalasi. Cimene akuru a sukulu anaona mwa iye ndico kukhulupirika, ndipo anamuika akhale wothandiza kuyang'anira anyamata pa nchito za kunja.

Masiku omwewo nkhani ya dziko lathu inali m'kamwa mwa anthu ku Scotland. Dotolo David Livingstone anamwalira kwa Citambo m'caka ca 1873, ndipo mtembo wace unaikidwa ku London m'April 1874. Mwezi wotsatira Dotolo Stewart, amene anayendapo pa Zambezi ndi pa Shire m'masiku a Livingstone, anaimirira pa msonkhano waukuru wa Free Church of Scotland, napempha kuti pamangidwe Mishoni pa Nyanja yathu, yochedwa Livingstonia, ikhale cikumbutso cace. Ulendo woyamba unanyamuka m'1875, wotsogolera wace E. D. Young, ndipo mwa iwo munali Dotolo Robert Laws, akali mnyamata. Sitima yao, Ilala, anaimasula zidutswa zidutswa pa mathithi a Shire, amtengatenga mazana ambiri naisenza kufikira kumtunda. Ndipo pa 12 October 1875 inalowa m'Nyanja. Anamanga misasa yao pa Cape Maclear. Koma anali owerengeka, osadziwa zinenero za kuno, ndipo posacedwa kunaoneka kuti nchitoyo ifuna manja ena, makamaka a Akristu akuda.

Cotero m'caka ca 1876, pokonzeka ulendo waciwiri, ciitano cinamveka ku Lovedale: adzapita ku Nyanja ndani? Tisaiwale, abale, kuti masiku amenewo wodza kuno anayamba wayenda pa nyanja ya mcere kufikira ku Quelimane, nakwera mitsinje ya malungo pa ngalawa masabata ambiri, ndi kulowa m'dziko limene munthu anali kugulidwa ndi nsaru ndi onga. Anadzipereka anyamata 14, ndipo ena mwa iwo anali ophunzira ochuka, odziwa Cingelezi bwino. Pakati pa amenewa anaimirira Koyi, nanena kuti iye alibe maphunziro ngati anzace, ali nalo theka la talente lokha. Koma akamlola adzapita, cinkana nchito yace ikakhale yotema nkhuni ndi kutunga madzi.

Mau awa tiyenera kuwasinkhasinkha pang'ono. M'fanizo la Ambuye la pa Mateyu 25, kapolo wina analandira matalente 5, wina 2, wina limodzi. Ndipo amene anakumba pansi nabisa ndalama ya mbuye wace ndiye wa limodziyo. Sitiwerenga kuti wa matalente 5 anaopa. Mantha agwira wa zocepa, pakuti ayang'ana za mnzace, nayesa zace zopanda pace. Koyi anadziika pansi pa kapolo wotsirizayo, pa malo amene m'fanizomo mulibe. Komatu theka lomwelo anadza nalo poyera, pamaso pa sukulu yonse. Ndipo nchito imene anaichula ndiyo Yoswa anapatsa Agibeoni ngati cilango, atanyenga ana a Israyeli. Kwathu kuno, ndi kwa Axhosa komwe, madzi ndi nkhuni za pamoto ndi nchito ya amai ndi ana. Mwamuna wa zaka 30 saipempha pabwalo. Iye anaipempha.

Odziwa Buku Lopatulika adzakumbuka ena amene anaitanidwa nadziona ocepa. Mose pa citsamba coyaka moto anadandaula za lilime lace lolemera, nakanakana kufikira Mulungu anapsa naye mtima. Gideoni anachula kucepa kwa banja lace mwa Manase, ndi Yeremiya ubwana wace. Mulungu sanayambe ndi kuwatamanda. Anawalonjeza kuti adzakhala nao, nawatuma. Koma pali kusiyana kumene tikuona pakati pa iwo ndi woyendetsa ngolo uja. Iwo anachula kucepa kwao pofuna kuti mtolo uwapitirire. Iye anakuchula ali ciimire, atadzipereka kale. Mau angathe kukhala amodzimodzi, koma wina awanena alikubwerera m'mbuyo, wina alikuponda phazi kutsogolo, ndipo akuru a Mpingo amene akhalitsa pa misonkhano adziwa kusiyanitsa awiriwa.

Mwa 14 aja anasankhidwa anai: Shadrach Mngunana, wophunzira kwambiri ndi mphunzitsi, Isaac Williams Wauchope, mnyamata wanzeru ndi waluso pa kulemba, Mapassa Ntintili, mmisiri wa matabwa, ndi Koyi. Wolemba maina monga mwa maphunziro akadamuika Koyi kumapeto. Wauchope anagwidwa kolimba ndi malungo panjira, nabwezedwa kwao nchito isanayambe. Tisamuyese wolephera, pakuti anadzakhala mbusa ndi mlembi womveka mwa Axhosa, namwalira pamodzi ndi anthu oposa 600 pomira sitima ya Mendi pa 21 February 1917. Mngunana anagwira sukulu pa Cape Maclear, ndipo onse anamuyembekeza kuti ndiye adzakhale mzati. Anamwalira m'1877, caka cisanathe cifikire iye. Caka comweco anamwaliranso Dotolo William Black, amene anadza nao pa ulendo umodzi. Ntintili anathandiza pa ciyambi ca Mishoni ya Blantyre, nabwerera kwao m'1880.

Pa Cape Maclear Koyi anagwira ciri conse cimene anampatsa: kuyang'anira anchito, kumanga, kuyenda maulendo, kulalikira, ndi kuphunzira Cinyanja. Zinali zaka zowawa, ndipo manda anacuruka kuposa obatizidwa. Woyamba kubatizidwa anali Albert Namalambe, wa m'sukulu yomwe ija anaigwira Mngunana, m'March 1881. Caka comweco Mishoni inasamukira ku Bandawe, kuthawa malungo, ndipo Namalambe, Mkristu wa miyezi yowerengeka, wosalowa m'sukulu ya abusa, anasiyidwa agwire nchito ya pa Cape Maclear. Iyenso tikadamlembera mbiri yace malo akadalola.

Pali cinthu cimodzi cimene olemba ambiri acipitirira msanga. Koyi nayenso anabwerera kwao kukapuma, nakwatira kumeneko. Akadakhala, palibe akadamdzudzula. Anzace atatu sanalinso pa nchito, mmodzi ali m'manda. Kuvomera kwace koyamba wina angati kunali kwa munthu wosadziwa cimene acivomera. Koma tsopano anadziwa malungo, anadziwa manda a m'mbali mwa Nyanja, anaonanso Angoni ndi maso ace, ndipo anabweranso. Ife tiyesa kuvomera kwaciwiri kumeneku kolemera kuposa koyamba.

Tsono tifotokoze za Angoni, pakuti apa ndipo theka la talente lija linaonekera mtengo wace. Angoni anacokera kumwera, pafupi ndi dziko la Azulu, pothawa nkhondo za masiku a Shaka. Gulu la Zwangendaba linaoloka Zambezi m'November 1835, tsiku limene dzuwa linada usana, linayenda kufikira ku Ufipa, ndipo atamwalira Zwangendaba linagawikana. Mwana wace M'mbelwa anadzakhala ndi anthu ace ku cigwa ca Kasitu, m'dziko la Atumbuka. Gulu lina, la a Maseko, linadzakhala ku mapiri a Domwe, ku Dedza ndi Ncheu. Makolo athu Acewa anawadziwa bwino anthu amenewa. Ambiri anathawira pamwamba pa mapiri ndi m'malinga cifukwa ca zikopa ndi nthungo zao. Kumpoto Atonga, amene anagwidwa kale, anapanduka nathawira ku Nyanja, namanga malinga ao kumeneko. Ndipo Mishoni ya Bandawe inamangidwa pakati pa Atonga omwewo. M'maso mwa Angoni, Azungu anakhala kwa akapolo ao othawa, ndi kuwanyoza eni dziko. Popanda kumvana ndi M'mbelwa, Bandawe sikadakhala.

Nanga akalankhule naye ndani? Dotolo Laws anali ndi maphunziro a ubusa ndi a mankhwala, koma pakhomo pa mfumu ya Angoni anali ngati wosalankhula. Cingoni cimene mafumu ndi nduna analankhula masiku amenewo cinali mbale wace wa Cizulu ndi Cixhosa. Lilime limene Koyi anayamwa kwa amace, limene ku Lovedale palibe akadaliwerengera ngati maphunziro, ndilo linali mfungulo. M'caka ca 1878 anatsagana ndi Dotolo Laws pa ulendo wautali, nafika kwa Cikuse, mfumu ya a Maseko, napitirira kumpoto kufikira ku midzi ya Angoni a M'mbelwa. Ndipo m'1879, pokomana Dotolo Laws ndi M'mbelwa, womasulira anali iye. Angoni anazizwa pomva mlendo wobvala ngati Mzungu alikulankhula ngati wa kwao kumene anacokera makolo ao. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Wina angayese kumasulira nchito yaing'ono, yongotola mau apa ndi kuwaika apo. Amene anakhalapo pa bwalo la milandu adziwa kuti si tero. Womasulira adziwa pokhala ndi poima, adziwa malonje oyenera mfumu, adziwa nthawi yoyankha ndi nthawi yokhala cete. Mau a nduna yokwiya akawapereka osaphika, mlendo apsa mtima; mau a mlendo wosadziwa mwambo akawapereka monga anaturukira, nthungo zinyamuka. Ayenera kunena zoona, koma kuzinena mwa njira yakuti onse awiri akhalebe pansi. Izi siziphunzitsidwa ndi coko pa bolodi. Koyi anaziphunzira kwa akuru a kwao ali mwana, ndi pa zaka zija anatumikira mabwana osiyanasiyana, kuugwira mtima pamene ena akadayankha. Zaka zimene iye anaziyesa zotayika Mulungu anali kuziwerenga. Mose anadandaula za lilime napatsidwa Aroni. Apa wodandaula za kucepa kwace ndiye anakhala Aroni wa ophunzira.

M'caka ca 1882 Koyi anakakhazikika pa Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu, kufupi ndi mudzi wa M'mbelwa. Poyamba anali yekha wa Mishoni m'dziko lonselo. Pambuyo pace anadza James Sutherland, mlimi wa ku Scotland, ndi George Williams, wa ku Lovedale, ndipo m'1885 Dotolo Walter Elmslie, amene anadzalemba za masiku amenewa m'buku lace la 1899. Angoni anawalola kukhala, koma sukulu anaikana. Anaopa kuti ana akaphunzira Buku adzakana nkhondo, ndipo mtundu wokhala ndi nkhondo udzadya ciani? Sitinganene kuti anaganiza mopusa. Anaona bwino kumene cinthuco cidzathera. Panalinso nsanje pakati pa mafumu, pakuti ali yense anafuna Mzungu akhale pakhomo pace. Cotero magulu a nkhondo anapitirirabe kuturuka, nabwera ndi ng'ombe ndi anthu ogwidwa, a Mishoni alikupenya osatha kuletsa. Masiku ena kunamveka kuti alendowo apitikitsidwa kapena kuphedwa. Sutherland anamwalira m'1885, naikidwa pomwepo.

Zaka zinai zinapita cotero, popanda sukulu, popanda wobatizidwa. Ife aphunzitsi timada nkhawa ana akacepa m'kaundula mwezi umodzi wokha, poganiza za tsiku lodza woyendera sukulu. Nanga munthu uyu akadalemba ciani pa pepala la ciwerengero? Nchito yace inali kuyenda m'midzi, kukhala pansi ndi nduna m'khola la ng'ombe mmene Angoni aweruzira milandu, kumva zonena zao kufikira atatha, ndi kulankhula za Mulungu pamene mpata unaoneka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma usiku, mudzi utagona, anyamata ena anayamba kudza mobisika kudzaphunzira zilembo. Anali ana a Tembo, sing'anga wa m'dzikomo, ndipo mwa iwo munali Mawelera ndi Makara.

Pa ciyambi ca 1886 kunagwa cirala. Angoni anapereka nsembe za ng'ombe kwa mizimu ya makolo, mvula osagwa. Potsiriza nduna zinadza ku Njuyu kudzapempha kuti a Mishoni apemphere kwa Mulungu wao. Linali pempho loopsa, pakuti mvula ikakanika akadayesedwa onama, ndipo ikagwa akadayesedwa asing'anga a mvula, cimene iwo sanafune. Anapemphera pamaso pa anthu, nanena poyera kuti mwini mvula ndi Mulungu yekha. Ndipo posacedwa inagwa. Patapita miyezi yowerengeka mafumu ndi nduna anapangana, natumiza mau akuti sukulu zaloledwa. Mauwo anampeza Koyi ali gone pa mphasa, wodwala nthenda yace yotsiriza. Anawamva ndi makutu ace, monga Simeoni wokalamba uja anaona Mwanayo m'Kacisi asanatseke maso. Ndipo pa 4 June 1886 anamwalira, ali ndi zaka 40. Sukulu imene anaiyembekeza zaka zonsezo inatsegulidwa kumapeto a caka comweco, iye osaphunzitsamo ngakhale tsiku limodzi.

Zotsatira zace zidziwika. Ekwendeni, kwa Mtwalo, inatsegulidwa m'1889. Mawelera ndi Makara Tembo anabatizidwa m'1890, oyamba m'dziko la M'mbelwa, ndipo Mawelera anadzakhala mtsogoleri wa Mpingo ndi wopeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a Cingoni. Loudon inamangidwa m'1902, m'masiku a Donald Fraser. Palinso cina coyenera kucilingalira. Pamene Boma la Angelezi linafika, Gomani mwana wa Cikuse anaphedwa ndi asilikari m'1896, ndipo Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa ndi mfuti m'1898. Koma Angoni a kumpoto analowa pansi pa Boma m'1904 mwa kukambirana, pa msonkhano wa ku Ekwendeni ndi Alfred Sharpe, mwazi wosakhetsedwa. Sitinena kuti zonsezi anazicita Koyi. Panali nzeru za mafumu eni ace, ndi nchito ya Laws, Elmslie, Fraser ndi aphunzitsi ambiri. Mutu umodzi susenza denga. Koma woyamba kukhala pansi ndi anthu amenewa kufikira anamkhulupirira ndiye.

Koyi sanadzozedwe ubusa. Anafa ali mlaliki, ndipo m'mabuku akale dzina lace limadza pambuyo pa maina a Azungu amene iye anawatsegulira pakhomo. George Williams atabwerera kwao m'1888, Lovedale sinatumizenso ena. Abusa oyamba a dziko lino m'Mishoni zathu anadzozedwa mocedwa: ku Blantyre m'1911, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, ku Livingstonia m'1914, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, ku Nkhoma m'1925, Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza. Nanga zaka zonse za pakatipo, ndi zambiri za pambuyo pace, Mau anayenda ndi yani m'midzi? Anayenda ndi aphunzitsi a maphunziro ocepa, amene anadziwa kuwerenga, kulemba, samu pang'ono ndi Katekisma. Amene anamanga okha kasukulu ka mitengo ndi udzu, naomba ng'oma m'mawa kuitana ana, nalalikira pa Sabata, naika maliro. Ambiri a ife tinaphunzira zilembo kwa ana ndi adzukulu a anthu otere, ndipo maina ao saoneka pa mwala uli wonse.

Koma pano ticenjeze anyamata athu, kuti wina angatenge mbiri iyi ngati mtsamiro wa ulesi, nati, Ngati theka likwanira, ndibvutikirenji ndi mabuku? Munthu amene ananena za theka la talente ndi yemweyo anayenda mamailosi 150 wapansi kufuna sukulu, nakhala pa benci ndi ana ali ndi ndebvu, naphunziranso Cinyanja atafika kuno. Theka lace silinagone. Tili naonso m'masiku ano ena othamangira ku guwa osaitanidwa, osafuna kuphunzitsidwa ndi munthu, onena kuti Mzimu awauza zonse. Amenewa asamuyese Koyi mbale wao, pakuti iye anapempha nkhwangwa ndi mtsuko, ndipo za guwa sanachule.

Ndipo mau ena apite kwa inu akuru athu osankha anthu. Dotolo Stewart anali nao 14 oti asankhepo, ndipo akadatha kumsiya woyendetsa ngoloyo ndi mau okoma, nati, Wacita bwino mwana wanga, koma nchito iyi ifuna ophunzira. Palibe akadamtsutsa. Anamtenga cifukwa zaka zisanu anamuona pa nchito za kunja, mmene anacitira ndi anyamata ndi mmene anasungira zinthu za eni. Ciitano cicokera kwa Mulungu, koma kawiri kawiri cidzera pakamwa pa anthu. Ndipo pamene mai wamasiye kapena mnyamata wa ngolo aweramitsa mutu nati sindiyenera, nkwabwino kuti pakhale mkuru womdziwa, wonena naye padera, ndi womuyendera atalandira nchitoyo, osamsiya yekha ndi mtolo.

Tsono wina adzafunsa kuti Njuyu itikhudza bwanji ife a kuno pakati. M'caka ca 1888 anafika ku Bandawe Mbusa Andrew Charles Murray, woyamba wotumidwa ndi abusa a Dutch Reformed Church a ku Cape. Anayamba wapita kumpoto kwa Nyanja kufuna malo, ndipo atadwala kumeneko anakwera ku Njuyu, nakhala ndi Dotolo Elmslie, patapita zaka ziwiri cimwalirire Koyi. Kumeneko anaona ndi maso ace makhalidwe a Mishoni pakati pa Angoni, ndi sukulu yatsopanoyo irikuyenda. M'1889 iye ndi Mbusa T. C. B. Vlok anayenda kumwera kufikira kwa Ciwere, nayenso mfumu ya Angoni, ndipo pa 28 November anamanga hema wao pa Mvera. Kongwe inatsata m'1894, Nkhoma m'1896, kwa mfumu Mazengera. Livlezi ndi Cape Maclear, pamodzi ndi Albert Namalambe, zinaperekedwa m'manja mwa Mishoni yomweyi. Ndipo m'1926 Nkhoma inalowa mu Mpingo umodzi wa C.C.A.P. ndi Livingstonia ndi Blantyre, amene anagwirizana kale m'1924. Mwa njira imeneyi Mau anafika pa phiri ndi pa dambo, kufikira pa malo ano tasonkhana.

Amene adzakhala ndi ulendo wa kumpoto adzapeza dzina la William Koyi pa nyumba ya alendo ya Sinodi ya Livingstonia ku Mzuzu. Manda ace ali pa Njuyu, m'boma la Mzimba, pafupi ndi a James Sutherland.